Mitundu ya nkhanza kwa ana ndi zizindikiro zake

Mwana ndi amana imene Allah waika m'manja mwathu, ndipo tidzafunsidwa za iye. Kuyambira 2017, malamulo a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Nkhanza kwa ana zili mitundu inayi.

Za pathupi: kumumenya mpaka zipsera, kumuotcha dzanja chifukwa waba ndiwo. Ndi nkhanza ndithu, kaya zachitikira pakhomo kapena kumadrasa.

Za m'maganizo: kumutukwana, kusala mwana wopeza kapena wamasiye. Surah Al-Ma'un imadzudzula wokankha wamasiye.

Zogonana: kumugwira malo obisika, kumugwirira, kumukwatiwitsa asanakwane zaka 18. Kawirikawiri wochita izi amakhala wodziwika pakhomo.

Kulekerera: kumusiya azichezera panyanja ndi asodzi m'malo mopita kusukulu, kusamutengera kuchipatala akadwala, kupita ku South Africa osamusiyira womusamala.

Zizindikiro zake ndi mabala osadziwika chiyambi, kungokhala duu, kuopa munthu wina wake, kuyambiranso kukodza pogona.

Abale ndi alongo, tikaona izi tisabise poopa manyazi a banja. Imbani 116 kwaulere kapena kanene ku Victim Support Unit kupolisi.