Mkaka wosawiritsa kapena wowiritsa: Woyenera ndi uti kwa anthu osadya nyama?

M'mamawa, m'misewu ya m'matauni ambiri m'dziko muno mumadutsa anthu a njinga atamangirira zigubu za mkaka wongokamidwa kumene. Ogula amaukonda mkaka umenewu ponena kuti ndi wonona, wotsika mtengo komanso wosakhudzidwa ndi makina. Ena mwa ogulawo ndi anthu amene anasiya kudya nyama, kaya chifukwa cha chipembedzo, thanzi kapena kumvera chifundo ziweto. Kwa iwowa nkhani ya mkaka ndi yaikulu, chifukwa mkakawo ndi umene umalowa m'malo mwa zina zomwe thupi likadapeza mu nyama.

Yankho la akatswiri a zaumoyo pa nkhaniyi ndi lomveka. Mkaka ndi chakudya chabwino kwa munthu wosadya nyama, koma uyenera kuyamba wadutsa pa moto, kaya kufakitale kapena pa mafuwa a pakhomo. Kutentha kumapha tizilombo toyambitsa matenda, ndipo michere yambiri imene munthuyo akuifuna imatsalamo.

Osadya nyama ali m'magulu angapo

Pali anthu amene sadya nyama ndi nsomba koma amamwa mkaka. Ambiri a iwo ali ku India, dziko lomwe limakama mkaka wochuluka kuposa dziko lina lililonse. Ena amamwa mkaka ndi kudyanso mazira, ndipo kadyedwe kotere ndi kamene mpingo wa Seventh-day Adventist wakhala ukulimbikitsa pakati pa anthu ake. Gulu lachitatu ndi la anthu amene amakana chilichonse chochokera ku chiweto, kuphatikizapo mkaka ndi mazira. Amenewa amatchedwa ma vegan, dzina lomwe linayambika ku Britain m'chaka cha 1944.

Kuno ku Malawi, alangizi a kadyedwe amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo mkaka uli m'gulu la zakudya zochokera ku nyama. Munthu akachotsa nyama, nkhuku, nsomba ndi mbewa, m'gululi mumatsala mkaka ndi mazira. N'chifukwa chake ubwino wa mkaka umene akumwa umakhudza kwambiri moyo wake.

Zomwe mkaka umapereka

Kapu imodzi ya mkaka wa ng'ombe, ya mamililita 250, imakhala ndi magalamu pafupifupi 8 a mapuloteni, omwe ndi zomanga thupi, komanso mamiligalamu pafupifupi 300 a kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano. Zinthu ziwirizi munthu angathenso kuzipeza mu nyemba, soya, nandolo, mtedza ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi mpiru.

Vuto lagona pa vitamini B12. Vitamini ameneyu amathandiza popanga magazi ndi posamalira minyewa, ndipo sapezeka mu mbewu, masamba kapena zipatso pa mlingo wodalirika. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 2.4 patsiku, ndipo kapu imodzi ya mkaka imapereka pafupifupi theka la mlingo umenewu. Chiwindi chimasunga B12 kwa zaka zingapo, choncho amene wasiya nyama akhoza kumadziona ngati ali bwino pomwe nkhokwe ikutha pang'onopang'ono. Ikatha, magazi amachepa, manja ndi mapazi amachita dzanzi, ndipo ena amayamba kuiwalaiwala. Mkaka wa soya sumuthandiza pa mbali iyi pokhapokha ngati opanga anathiramo vitaminiyu, zomwe zimalembedwa pa paketi.

Komabe mkaka uli ndi popelewera pake. Uli ndi ayironi wochepa kwambiri, motero wosadya nyama ayenera kudyabe nyemba ndi masamba, pamodzi ndi zipatso monga malalanje, magwafa kapena malambe, zomwe zimathandiza thupi kuyamwa ayironiyo.

Zomwe zimachitika kufakitale

Njira yotenthetsera mkaka kufakitale imatchedwa pasteurization. Dzinali linachokera kwa katswiri wa sayansi wa ku France, Louis Pasteur, amene m'zaka za m'ma 1860 anaonetsa kuti kutenthetsa vinyo pang'ono kumapha tizilombo tomuwononga. Patapita zaka, njirayi inayamba kugwiritsidwa ntchito pa mkaka, ndipo mu 1908 mzinda wa Chicago ku America unakhazikitsa lamulo loti mkaka wogulitsidwa mu mzindawo uzitenthetsedwa.

Lero mafakitale amatenthetsa mkaka pa madigiri 72 kwa masekondi 15, kapena pa madigiri 63 kwa mphindi 30, kenako amauziziritsa msanga. Mkaka wotere ndi umene umasungidwa m'firiji m'masitolo. Palinso mkaka wa UHT, womwe umatenthetsedwa pa madigiri 135 kapena kuposerapo kwa masekondi ochepa chabe ndi kutsekeredwa m'mapaketi osalowa mpweya. Umenewu umakhala miyezi ingapo popanda firiji malinga ngati paketiyo sinatsegulidwe. M'njira zonsezi, chomwe chimapha tizilombo ndi kutentha, osati mankhwala.

Mkaka wambiri umene umafika m'mafakitale a m'dziko muno umachokera kwa alimi ang'onoang'ono, makamaka a m'maboma a Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje. Alimiwa amapereka mkaka wawo ku magulu osonkhanitsa mkaka, komwe umayezedwa ndi kuziziritsidwa usananyamulidwe. Mkaka wa pa njinga nthawi zambiri sudutsa m'ndondomeko imeneyi.

Matenda obisala mu mkaka wosawiritsa

Mkaka ukhoza kukhala woyera ndi wokoma koma uli ndi tizilombo. Tina timachokera m'thupi la ng'ombe yodwala, pomwe tina timalowa pokama, kuchokera ku ndowe, ku bere la ng'ombe, m'manja mwa wokama kapena mu chigubu chosatsukidwa bwino. Ng'ombe yooneka yathanzi ikhozanso kukhala nato.

Mwa matenda odziwika pali chifuwa chachikulu cha ng'ombe, choyambitsidwa ndi kachilombo ka Mycobacterium bovis. Kakalowa mwa munthu kudzera mu mkaka, kawirikawiri kamagwira mwanabere wa m'khosi kapena m'mimba, ndipo sikamva mankhwala a pyrazinamide, omwe ndi amodzi mwa mankhwala odalirika a TB. Palinso matenda a brucellosis, amene amachititsa ng'ombe ndi mbuzi kutaya bere. Mwa munthu amabweretsa kutentha thupi kobwerabwera, thukuta la usiku ndi kuphwanya kwa mfundo za mafupa, zizindikiro zomwe n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo. Tizilombo ta Salmonella, Campylobacter ndi E. coli timatsegula m'mimba, ndipo mtundu wina wa E. coli umawononga impso za ana. Listeria ndi woopsa kwa amayi oyembekezera chifukwa angachititse kuti mayi apite padera.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba komanso anthu omwe chitetezo chawo cha m'thupi n'chotsika, monga amene ali ndi kachilombo ka HIV kapena akulandira thandizo la khansa. Wosadya nyama naye ali ndi vuto lakelake: poti amamwa mkaka tsiku ndi tsiku, mwayi wokumana ndi chigubu choipa umachuluka.

Mayiko olemera nawonso sanalithawe vutoli. Dziko la Scotland linaletsa kugulitsa mkaka wa ng'ombe wosawiritsa mu 1983 anthu ambiri atadwala. Mu 2024, ku America kachilombo ka chimfine cha mbalame ka H5N1 kanapezeka mu mkaka wa ng'ombe zodwala, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti kutenthetsa kwa kufakitale kumakapha.

Kodi moto umawononga michere?

Okonda mkaka wosawiritsa amati moto umapha zabwino zonse za mu mkaka. Zoona zake n'zakuti mapuloteni, mafuta ndi kashiamu zimatsala pafupifupi momwe zinalili. Mavitamini ena, monga B12, amachepa pang'ono chabe pa kutenthetsa kwa masekondi 15 kuja. Vitamini C amachepa kwambiriko, koma mkaka sukhala naye wambiri chiyambire, ndipo wosadya nyama amamupeza m'zipatso ndi masamba.

Ena amakhulupirira kuti mkaka wosawiritsa suvutitsa m'mimba anthu omwe mkaka suwayanja. Vuto limeneli limabwera chifukwa cha shuga wa mu mkaka wotchedwa lactose, ndipo shugayu alimo mofanana mu mkaka wosawiritsa ndi wowiritsa. Kafukufuku wa ku Ulaya anapezadi kuti ana okulira pa mafamu, omwe amamwa mkaka wa pafamu pomwepo, sadwala mphumu kawirikawiri. Koma ana amenewa amasiyana ndi anzawo a m'tauni pa zinthu zambiri, ndipo ochita kafukufukuyo sanalimbikitse anthu kumwa mkaka wosawiritsa.

Chomwe chimawononga B12 wochuluka ndi kuwiritsa mkaka kwa nthawi yaitali kapena kuubwereza pa moto kangapo. Mabanja ambiri a ku India ali ndi chizolowezi chowiritsa mkaka ukangofika pakhomo. Chizolowezichi n'chabwino, bola mkakawo usakhalitse pa moto.

Nanga chambiko?

Chambiko ndi yogati ndi zakudya zabwino kwa osadya nyama, ndipo anthu omwe mkaka suwayanja kawirikawiri amazidya popanda vuto chifukwa gawo la shuga uja limakhala litasanduka asidi. Koma kusasa pakokha sikupha tizilombo tonse. Kachilombo ka chifuwa chachikulu cha ng'ombe kakhoza kukhalabe ndi moyo mu mkaka wosasa. Wopanga chambiko pakhomo ayambe wawiritsa mkakawo, auziziritse mpaka ukhale wofunda, kenako athiremo chambiko chabwino pang'ono kuti usase.

Zoyenera kuchita pakhomo

Wogula mkaka wa m'paketi ayang'ane tsiku lothera ntchito ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Mkaka wa m'firiji ubwezedwe m'firiji msanga, pa madigiri osaposa 5, ndipo wa UHT ukatsegulidwa uzisungidwanso chimodzimodzi. Kumene magetsi amazimazima, n'kwanzeru kugula wongokwanira tsikulo.

Wogula kwa mlimi kapena pa njinga ausefe mkakawo ndi kansalu koyera, auike pa moto uku akutakasa mpaka uwire ndi kufufuma, kenako auphule ndi kuuvundikira. Asaubwezere m'chigubu chomwe unabweramo. Adziwenso kuti pali zina zomwe moto suchotsa. Mankhwala obaya ng'ombe yodwala amatsalira mu mkaka kwa masiku angapo, ndipo poizoni wa chuku wochokera m'madeya oola amadutsanso mpaka mu mkaka. Choncho ndi bwino kugula kwa mlimi wodziwika, amene amatsatira malangizo a alangizi a ziweto.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayenera kuyamwa bere lokha, monga limalangizira bungwe la World Health Organization. Mayi wosadya nyama amene ali woyembekezera kapena akuyamwitsa auze achipatala za kadyedwe kake, chifukwa B12 wa mwanayo amachokera kwa iye. Amene samwa mkaka konse ndiponso sadya mazira ayenera kufunsa kuchipatala za mapiritsi a B12 kapena zakudya zothiridwa vitaminiyu, asanayambe kumva dzanzi.