Rahu ndi Ketu

Rahu ndi Ketu: malo awiri akumwamba pomwe njira ya mwezi imadutsana ndi njira yomwe dzuwa limaoneka ngati likuyendamo. Si mapulaneti ndipo saoneka ndi maso, amapezeka powerengera. Amakhala moyang'anizana, motalikirana madigiri 180, ndipo amayenda chobwerera m'mbuyo n'kuzungulira thambo lonse m'zaka 18.6. Kadamsana amachitika pokhapokha dzuwa ndi mwezi zikayandikira malowa. Mayinawa ndi a ku India, komwe openda nyenyezi a Jyotisha amawaika m'gulu la zakumwamba 9 lotchedwa Navagraha. M'kawerengedwe kawo kotchedwa Vimshottari, Rahu amapatsidwa zaka 18 za moyo wa munthu, Ketu zaka 7. Opendawo amati Rahu amaimira zilakolako, Ketu kudzimana. Ku Ulaya malowa ankatchedwa Caput Draconis ndi Cauda Draconis, mutu ndi mchira wa chinjoka.