Mpango umene unagwedeza Nyumba ya Malamulo ku Ankara

Pa 2 Meyi 1999, mayi Merve Kavakçı analowa m'Nyumba ya Malamulo ya Turkey ku Ankara kukalumbira ngati phungu wa Istanbul. Anali atavala mpango. Aphungu a mbali ya boma anaimirira n'kuyamba kuwakuwiza kuti atuluke, nduna yaikulu Bülent Ecevit ikuwadzudzula poyera. Sanalumbire, ndipo posakhalitsa analandidwa unzika.

Mkanganowu unali wakale. Boma la Mustafa Kemal Atatürk linathetsa mitala mu 1926, ndipo mu 1934 amayi anapatsidwa ufulu wovota ndi kupikisana nawo pa uphungu. Koma mayi wotsogola amene boma linkamufuna anali wosafunda kumutu. Mu 1968 Hatice Babacan anachotsedwa pa yunivesite ya Ankara chifukwa cha mpango, nthawi yomwe mlembi Şule Yüksel Şenler ankayendayenda m'matauni kulimbikitsa atsikana ophunzira kuti aziuvala. Asilikali atalanda boma mu 1980 chiletso cha mpango chinakhwima, ndipo kuyambira 1997 chinafika poipa: ophunzira ankalowetsedwa m'zipinda zapadera kukanyengereredwa kuti avule.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ntchito imene amayiwa anagwira atatsekeredwa kunja. Amayi a chipani cha Refah ankayenda khomo ndi khomo, kumaliro ndi kumaukwati, kumwa tiyi ndi anzawo m'makomboni. Thukuta lawo linathandiza Recep Tayyip Erdoğan kukhala meya wa Istanbul mu 1994, koma mipando inapita kwa abambo.

Ena anafunsa mafunso owawa. Hidayet Şefkatli Tuksal anafufuza momwe ma hadith ena amagwiritsidwira ntchito ponyazitsa akazi. Konca Kuriş, yemwe ankalalikira kuti Qur'an siika mkazi pansi pa mwamuna, anabedwa ku Mersin mu 1998. Thupi lake linapezeka ku Konya mu 2000, ataphedwa ndi gulu la Hizbullah la ku Turkey.

Chiletso chinachotsedwa pa ntchito zambiri za boma mu 2013, ndipo aphungu anayi achizimayi analowa m'Nyumba ya Malamulo ija atavala mipango. Mgwirizano wakale wa amayi ovala mipango unasweka pamenepo. Bungwe la KADEM, loyandikana ndi chipani cholamula, limakamba za chilungamo pakati pa mwamuna ndi mkazi, pomwe la Havle, lokhazikitsidwa mu 2018, limadzitcha la Asilamu omenyera kufanana kwa akazi ndi amuna. Erdoğan atatulutsa Turkey m'pangano la Istanbul lothana ndi nkhanza kwa amayi mu 2021, ena mwa amene anakwiya pamisewu anali atavala mipango.