Ernest Mancoba, mmisiri amene anakana kusemera alendo ziboliboli

Mukaona koyamba zojambula za Ernest Mancoba mukhoza kufunsa kuti, "Ndiye chiyani chimenechi?" Timizere tofiira, tachikasu ndi tobiriwira tangoti mbwee, ndipo pakati pake pali chinthu chonga munthu woimirira, koma wopanda nkhope. Kajambulidwe kotere, kosatengera maonekedwe enieni a zinthu, amakatcha abstract. Ambiri amati nkamasewera chabe, kopanda ndale. Mbiri ya Mancoba ikutsutsa zimenezo.

Anabadwira ku Johannesburg mu 1904, bambo ake ali wogwira ntchito kumigodi. Kusema anakuphunzirira kusukulu ya aphunzitsi ya mpingo wa Anglican ya Grace Dieu, pafupi ndi tauni yomwe lero ndi Polokwane. Kumeneko mu 1929 anasema Mariya, amayi a Yesu, ali ndi nkhope ya mayi wachiafirika, osavala nsapato. Nthawi imeneyo Mariya wa m'matchalitchi ankakhala mzungu basi, choncho chosemachi chinali kale mtsutso.

Dzina litayamba kumveka, akuluakulu a nthambi ya boma yoona za anthu akuda anamupatsa mwayi wa ntchito: azisema ziboliboli "zachikuda" zogulitsa kwa alendo. Kwa munthu wakuda m'zaka za m'ma 1930, imeneyo inali ndalama yooneka. Mancoba anakana. Anaona kuti boma likufuna kumulembera malire a luso lake, monga linalembera kale malire a komwe wakuda angakhale ndi ntchito yomwe angagwire. Mu 1938 ananyamuka ulendo wa ku Paris.

Kumeneko mtendere sunakhalitse. Asilikali a Hitler atalanda Paris mu 1940, anamutsekera kundende ya ku Saint-Denis chifukwa ankawerengedwa ngati nzika ya ufumu wa Britain. Ali mkaidi chomwecho, mu 1942 anakwatira Sonja Ferlov, mmisiri wosema wa ku Denmark. Ukwatiwu unadzamutsekera khomo lakwawo: mu 1948 chipani cha tsankho chinatenga boma ku South Africa, ndipo mu 1949 chinakhazikitsa lamulo loletsa ukwati wa mzungu ndi munthu wa mtundu wina. Akanabwerera bwanji ndi mkazi wake ndi mwana wawo Wonga?

Nkhondo itatha banjali linasamukira ku Denmark mu 1947, ndipo linagwirizana ndi amisiri a gulu la CoBrA, dzina lochokera ku mizinda ya Copenhagen, Brussels ndi Amsterdam. Gululi linkatamanda luso la ku Africa, koma mabuku ambiri ofotokoza mbiri yake anadzamuika pambali Mwafirika amene anali pakati pawo. Zigoba za ku Africa ankazikonda. Mwini wake wamoyo, ayi ndithu. Mu 1952 banjali linabwerera ku France.

Apa mpamene timizere tija timamveka. Mancoba anakulira m'dziko lomwe munthu ankamuweruza pongomuyang'ana khungu. Ndiye iye anajambula munthu amene simungamuike m'kaundula wa mtundu uliwonse. Munthu wapakati uja, amene kaimidwe kake kamakumbutsa zosema za Akota a ku Gabon, alibe khungu, alibe mpanda womulekanitsa ndi zomuzungulira. Utoto wake umalowerera mwa zinzake, monga umunthu umanenera kuti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake. Anabwereza chithunzi chimenechi kwa zaka makumi angapo, osatopa.

Anapondanso kwawo mu 1994, patatha zaka 56, tsankho litagwa, pomwe Johannesburg Art Gallery inaonetsa ntchito zake pamodzi ndi za Sonja, amene anali atamwalira mu 1984. Iye anamwalirira ku France mu 2002 ali ndi zaka 98. Nyumba ya zaluso ya Centre Pompidou ku Paris inadzaonetsa ntchito zake mu 2019, mwini wake atagona kale zaka 17.

Akanavomera ntchito ija, bwenzi atadya bwino, ziboliboli zake zili pamashelefu a alendo popanda dzina. Anasankha njala ndi ulendo, ndipo lero dzinalo tikulitchula.