Kutchinjiriza Sipika ndi Chokuzira Mawu Batire Likamafooka

Ku Chia, kumene madzi a nyanja yaing'ono ya dzinali amatulukira pansi pa mlatho wa msewu wa M5 kukalowa m'nyanja ya Malawi, kumwera kwa boma la Nkhotakota, mawu amene anthu amamva tsiku ndi tsiku, kaya ndi uthenga wa pa Nkhotakota Community Radio, kuitana kwa kumzikiti, kwaya ya m'tchalitchi, ngakhale nyimbo za pamsika wa nsomba, kawirikawiri amatuluka ndi mphamvu ya batire. Ndipo popeza palibe batire losatha, amisiri anakonza njira zakuti kufooka kwakeko kusaononge zipangizo zimene anthu anazigula ndi thukuta.

Batire la mtovu ndi asidi, limene Gaston Planté wa ku France analitulukira mu 1859, ndiye kholo la mabatire a galimoto ndi ambiri a sola: likadzaza limaonetsa ma volt 12.6, likafika cha pa 12.1 latsala ngati theka, ndipo pa 10.5 limayesedwa lotheratu. Kabatire ka wailesi kamayamba pa 1.5 n'kulefuka kakayandikira 1, pamene ka lithium ka m'masipika a Bluetooth kamatsika kuchokera pa 4.2 kufika cha pa 3.

Tsono choopsa chenicheni chili apa. Chokuzira mawu sichingathe kukweza funde la mawu kupyola mphamvu imene chalandira, kotero kuti batire likatsika kuchokera pa 12.6 kufika pa 10.5, chimataya pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse a mphamvu yake; ndipo mwini wake, pomva kuti nyimbo yachepa, amapotoza voliyumu, osadziwa kuti potero akudula nsonga za mafundewo. Pamenepo mawu amasasa ndi kung'ambika, makamaka besi ikagunda, pakuti ndiyo imakoka moto wochuluka. Nthawi zina wailesi imangoti phu phu phu ngati injini ya boti la asodzi. Mafunde odukawo amadzaza ndi mawu okwera amene sanalimo m'nyimbo, ndipo ameneŵa, akakhalitsa, amatenthetsa kawaya kopyapyala ka m'kasipika kakang'ono, twita, mpaka kamapsa. Akulu anati walira mvula walira matope.

Chotchinjiriza choyamba ndi kapasita yaikulu yoikidwa pafupi ndi chokuzira mawu, imene imasunga moto pang'ono n'kuupereka pa kamphindi kamene besi yaufuna. Pamodzi nayo pafunika mawaya aafupi ndi onenepa, chifukwa waya wautali wopyapyala umadya mphamvu panjira. M'zipangizo zina muli kachigawo kochepetsa voliyumu kokha molingana ndi kutsika kwa batire. Koma mlonda weniweni ndi uja amayesa mphamvu kosalekeza, nayamba watseka mawu isanafike poipa, kuti sipika isalandire kugunda kuja kumamveka chipangizo chikamazima. Mlondayu amapangidwa ndi malire awiri, ozimitsira m'munsi ndi oyatsira pamwamba, pakuti batire likapumula mphamvu yake imakwerako pang'ono, ndipo akadakhala malire amodzi chipangizo chikadangoyaka ndi kuzima kosaleka.

Ntchito yomweyi imagwiridwa ndi kontolola ya sola, imene imadula moto cha pa ma volt 11 n'kuubweza batire likadutsa 12. Ndi zomvetsa chisoni ndithu kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikaphimba dzuwa, ena amailambalala n'kulumikiza mawaya pa batire penipeni kuti gule asathe. Pakuti batire lokamidwa chotero limamera mchere wa mtovu wouma m'kati mwake, umene susungunukanso ngakhale litatchajidwa, ndipo limafa nthawi yake isanakwane. Nako kuyanika timabatire ta wailesi padzuwa kumangotidzutsa kwa kanthawi, popeza kutentha kumafulumizitsa mankhwala otsala, koma sikubwezeramo amene anatha.