Kutupa kwa Diso pa Abulu, Akavalo ndi Ng'ombe: Tiitane Liti a Vetinale?

Kuno ku Petauke ndi Nyimba akavalo ndi osowa, koma abulu ndi ng'ombe ndizo zimatikokera ngolo ndi pulawo. Diso la ciweto likatupa, ambiri timangoti lipola lokha. Nthawi zina limapoladi, koma nthawi zina kutupako ndi cizindikiro ca matenda a thupi lonse. Tiyenera kudziwa kusiyanitsa.

Diso limodzi lokha likatupa

Kawirikawiri vuto limakhala pa diso pomwepo: kukwapulidwa ndi cikoti, kulaswa ndi munga, kulumidwa ndi njuci, kapena kanjere ka udzu kolowa pansi pa cikope. Ciweto cimatsinzina ndi kukhetsa misozi, koma cimadya bwino. Pa ng'ombe palinso matenda a maso ofalitsidwa ndi nchenche: diso limafiira, pakati pake nkuyera, ndipo amayenda msanga m'khola lonse. Nchenche zimasiyanso tinyongolotsi toyera totchedwa Thelazia, tooneka ngati ulusi tikuyenda pa diso.

Maso onse awiri akatupa

Apa tiganizire matenda aakulu. Kashembe wa ku cigwa ca Luangwa amabweretsa kaodzera wa ziweto: nyama imaonda, imafooka, m'zikope mwake mumatuwa, misozi ili cucucu. Cigodola, cobwera ndi nkhupakupa, cimatupitsa anabere pansi pa khutu la ng'ombe, ndipo maso amacita ngati mwalowa utsi.

Pa akavalo ndi abulu pali matenda a African horse sickness. Tiyang'ane tizenje tiwiri tili pamwamba pa maso: tikadzaza ndi kutukumuka, ndico cizindikiro cake codziwika. Amafalitsidwa ndi tizilombo touluka tocepa kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi mbandakuca, makamaka m'dzinja. Mbidzi zimakhala nawo osadwala. Abulu athu nthawi zambiri amadwala pang'ono cabe, koma akavalo ambiri amafa. Matendawa alibe mankhwala ocizira, ndipo tikawaganizira tiyenera kudziwitsa ofesi ya ziweto msanga.

Zocita pakhomo

Tiimitse nchito ndi kuika ciweto pamthunzi, kutali ndi nchenche. Tiwiritse madzi okwana theka la lita, tithiremo mcere wodzaza kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo akazizira titsuke nawo diso. Kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira kamacepetsa kutupa.

Tisathire m'diso fodya, tsabola, palafini, mcere wouma kapena phulusa la m'batire. Izi zimawocha diso. Tisagwiritsenso nchito mafuta a maso otsala kwa munthu kapena ciweto cina, cifukwa ena mwa iwo amakulitsa cilonda ca pa diso mpaka kuliboola. Munga wolowa mkati tisauzule tokha.

Tiitane a vetinale tsiku lomwelo ngati:

• diso latsekeka, layera, kapena likutuluka magazi kapena mafinya;
• cikope cang'ambika;
• maso onse awiri, mutu kapena khosi zatupa;
• ciweto caleka kudya, cikupuma movutika, kapena catentha thupi (ng'ombe kupitirira madigiri 39.5, bulu kupitirira 38.5);
• ziweto zingapo zayamba kudwala pamodzi;
• tatsuka diso koma lafika mawa lake osasintha.

Poyamba tipite kwa mlangizi wa ziweto wa m'kampu yathu. Ngati palibe, ku ofesi ya ziweto ya boma ku Petauke kapena ku Nyimba, pansi pa unduna woona za nsomba ndi ziweto. Tiwauze tsiku limene vuto linayamba, kumene ciweto cimadya, ndi zimene tathira kale m'disomo, osabisa. Cithunzi ca pa foni cimawathandiza kudziwa mankhwala oti anyamule.

Cilonda ca pa diso cingalowe mkati m'masiku owerengeka cabe. Bulu wa diso limodzi amadzidzimuka pamseu, ndipo ng'ombe yosaona sikoka pulawo mowongoka. Tiyang'ane maso a ziweto zathu m'mawa uliwonse potsegula khola, ndipo pokusa tisamenye kumutu.