Njira za miyendo za ku Domwe

Ife a ku Angónia tikudziwa kuti munthu akhoza kukwera basi kapena chapa ku Ulónguè n'kukatsikira pamsika wa ku Domwe, kumene pamapu amalemba kuti Dómuè. Ambiri tikatsika timagula zathu n'kubwerera tsiku lomwelo, phiri tangoliona pazenera. Lero tikupemphani kuti mutsike, musiye mseu, mulowe m'kanjira kopita kumidzi. Tinjira timeneti tiri ndi mbiri. Amene anatiyenda pa masiku obvuta akutha mmodzimmodzi, ndipo zambiri sizinalembedwe.

Nthawi yabwino yoyenda ndi mvula ikatha, kuyambira mwezi wa Maio, pamene mitsinje yaphwera. Koma tengani cofunda, cifukwa kuno n'kumtunda ndipo mu Junho ndi Julho kumazizira zedi. Mudzadutsa m'minda ya cimanga, nyemba, mbatata ya kacewere ndi fodya. Mudzapatukira ngolo za ng'ombe, n'kuoloka madambo pamene amayi alima madimba. Kulikonse kumene mupite, phiri la Domwe liri pamaso panu. Nsonga yake ipitirira mamita 2,000 kucokera pamwamba pa nyanja yamcere.

Tiyambe ndi phirilo. Eni dziko akale kuno anali Acewa. Angoni anacokera kumwera kwa Afrika, kuthawa nkhondo za m'masiku a Shaka. Gulu la Zwangendaba linaoloka Zambezi mu 1835. Angoni a kwa Maseko, amene ndiwo athu a kuno, anali gulu lina, ndipo anayenda njira yaoyao mpaka kukafika ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko mfumu yao Mputa inaphedwa ndi Angoni anzao. Cidyaonga ndiye anatsogolera otsalawo kubwerera kumwera, ndipo ca m'ma 1870 anadzamanga midzi mozungulira Domwe. Pambuyo pace ufumu anautenga Cikuse, mwana wa Mputa. Kucokera pano ankhondo ace ankapita kutali kukalanda ng'ombe ndi anthu. Tsono mukamayenda m'njirazi mukumbukire mbali zonse ziwiri: ena anatsikira m'menemo atanyamula zishango, ena anakwerera m'menemo akulira, atagwidwa kwao.

Koma taonani cimene cinacitika. Angoni anapambana ndi nthungo, koma ana ao anakula akulankhula cinenero ca amayi ao. Lero m'midzi imeneyi mudzamva Cinyanja. Cingoni catsala m'ziwongo, m'maina ena ndi m'nyimbo za gule wa ngoma. Ndipo nkhalango mukuiona yasiyidwa pakati pa minda ija, osalowamo ai! Kawirikawiri amakhala manda, ndipo m'midzi ya Acewa ndi malo a Gule Wamkulu. Funsani kaye. Safunsa anadya phula.

Cikuse anamwalira mu 1891. Caka comweco, pa 11 Junho, Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana maiko a kuno, eni ace osafunsidwa. Malire anadula dziko la Angoni pakati. Gomani, mwana wa Cikuse, anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896, ndipo mbali ya kuno inagwa m'manja mwa Apwitikizi, amene anachula Ulónguè kuti Vila Coutinho. Malirewo anali a papepala. Anthu anapitiriza kukwatirana, kulira maliro pamodzi ndi kugulitsana nyemba. Mpaka lero mseu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu m'malo ena umatsata malire enieniwo, kotero kuti pa Lizulu munthu amaoloka mseu n'kukhala kuti wafika dziko lina.

M'masiku a atsamunda njira zomwezi zinasenza katundu wina. Munali kudutsa asipayo ofuna msonkho ndi amuna a cibalo, nchito yokakamiza ija imene lamulo linaithetsa papepala mu 1961. Munali kudutsanso usiku amuna othawa cibaloco, ena kulowa ku Nyasaland, ena kupita kukafuna nchito ku Rhodesia. Panali mabanja amene anadikira bambo zaka ndi zaka osabwera. Mukapeza agogo pakhonde, perekani moni mwaulemu, khalani pansi, muwafunse kuti amuna a pamudzipo ankadzera kuti. Adzakulozerani ndi cala.

Njira ina ya m'dera lomweli idzakufikitsani ku Lifidzi, kumene kuli mtsinje ndi mishoni ya dzina lomwelo. Ansembe a Ciyezuiti anaiyamba patangotsala pang'ono kuti ufumu ugwe ku Portugal mu 1910. Boma latsopano linawacotsa, ndipo anabweranso mu 1941. Kwa ife ophunzira kuwerenga, mpofunika kudziwa kuti ansembe a gulu limeneli anasonkhanitsa mau a Cinyanja n'kupanga buku lomasulira mau m'Cipwitikizi, limene linasindikizidwa ku Lisboa mu 1963. Mau amenewo sanawatole mu ofesi. Anawamva pakamwa pa anthu a m'midzi.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni. Patapita nthawi ansembe awiri, João de Deus Kamtedza, mwana wa konkuno ku Angónia, ndi Sílvio Moreira wa ku Portugal, anali kukhala pakati pa anthu ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi. Usiku wa pa 30 Outubro 1985 anthu a mfuti anawatenga pakhomo pao n'kuwapha. Awiriwa maina ao analembedwa ndipo akumbukika. Nanga enawo? Alimi, aphunzitsi, amayi ndi ana amene anafera m'chire pa nkhondo ya zaka 16 ija, maina ao akuwasunga ndi abale ao okha basi.

Mu 1986 nkhondo inakula kwambiri kuno, ndipo midzi yambiri inatsala mabwinja. Anthu anasenza ana ndi tinkhuku, kuyenda usiku m'tinjira tomwe tija makolo ao anathawira cibalo, kulowa ku Dedza ndi ku Ntcheu. Malawi inasunga anthu a ku Moçambique pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri a kuno analandiridwa ndi abale a ciwongo cimodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, ambiri sanadikire galimoto. Anabwerera ndi miyendo. Anapeza njira zitamera udzu, ndipo m'malo ena munali mabomba okwirira pansi. Masiku amenewo mwana ankauzidwa kuti aponde pamene waponda mkulu. Nchito yocotsa mabomba inatenga zaka zoposa 20, ndipo pa 17 Setembro 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika m'dziko muno ayeretsedwa. Conco kuyenda momasuka kumene tikukuitanirani leroku sikunabwere kwaulere.

Tsopano bvuto ndi ili. Acinyamata ambiri masiku ano amakwera njinga zamoto, ulendo wa theka la tsiku n'kuutha kanthawi kocepa. Zimenezo si zoipa, makamaka ponyamula wodwala. Koma wothamanga safunsa dzina la dambo, kapena cifukwa cace mtengo uja sunadulidwe. Agogo akamwalira, dzinalo limapita nao kumanda, ndipo mawa pakabuka mlandu wa malire a munda, sipakhala wonena kuti bwinja la banja lakuti linali pati.

Ndiye inu a m'magulu ophunzira kuwerenga ndi kulemba, tengani kope ndi pensulo. Sankhani njira imodzi yokha, kucokera pamene mutsikira basi kukafika kumudzi kwanu. Yambani mwaonekera kwa anyakwawa, muwauze cimene mwadzera. Pemphani mkulu mmodzi, wamwamuna kapena wamkazi, kuti ayende nanu pang'onopang'ono. Lembani dzina la mtsinje uliwonse, dambo, bwinja ndi mphambano, ndi cimene cinacitika pamenepo. Za kumanda ndi za kudambwe zimene akulu akana, zisiyeni. Wina akafika pamalo n'kukhala cete, musamukakamize. Mukalakwitsa kalembedwe musacite manyazi, aphunzitsi adzakonza. Mukatha, kawerengereni gulu lanu, ndipo kopelo lisungidwe pamalo pamene ana angalipeze.